Eveless ndi Thumba la a Orton

Ine ndimaphika panyumba yosamalira okalamba ku Area 11, ndipo sindine munthu woyamikira msanga. Koma za Eveless Chipulikano ndinena.

Eveless kwawo ndi ku Mitundu, amakhala ku Area 4. Ntchito yosamalira odwala anaiphunzirira pa mayi ake amene anagona zaka zisanu osadzuka. Pano amagwira ija anthu amaikwinyira mphuno: kusintha matewera a akuluakulu, kuchapa zofunda zonyowa, kukhuthula matumba a mkodzo. Amaigwira akuimba nyimbo zakwaya ndi mawu oti ngakhale kwayayo singamulandire. Sindinamumvepo akuuza munthu kuti wadzikodzera. Amangoti, "Agogo, tiyeni titchene, kunja kwacha bwino," basi zofunda zasinthidwa.

Mwa okalamba athu muli a Orton, a ku Rumphi, amene anagwira ntchito m'boma zaka makumi atatu. Amenewa amamanga tayi ngakhale pomwa phala. Njira yawo ya mkodzo itatsekeka, madokotala anawaika kapaipi kotchedwa katheta. Mkodzo unkatsikira m'thumba lapulasitiki lopachika pambali pa bedi, ndipo poyenda ankalinyamula m'manja. Kuyambira pamenepo pageti sanatulukenso.

Tsono mdzukulu wawo Chitemwa, amene anamulera okha makolo ake atamwalira, ankakwatiwa Loweruka. Mtsikanayo ananenetsa kuti womulowetsa m'tchalitchi ndi agogo ake, wina ayi.

Lachiwiri ndi Lachitatu makapu a tiyi a a Orton anabwerera kukhitchini osakhudzidwa. Ine ndinapsa mtima, ndimvekere akuluwa ayamba kunyoza tiyi wanga. Eveless sanayang'ane kapu, anakayang'ana thumba. Mkodzo unali wochepa, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinamutsatira mpaka pakhomo la chipinda chawo.

"Agogo, madzi mwamwa liti?" anafunsa.

"Mwana wanga, ndisiye," anatero a Orton. "Ndikapanda kumwa, thumba silidzaza. Ukufuna ndikayende pamaso pa mpingo wonse nditanyamula mkodzo m'manja?"

"Ndiye mwati mudziumitse ngati chimanga cham'nkhokwe? Mukapitiriza, kapaipika katseka, thupi litentha, Loweruka likupezani kuchipatala. Chitemwa alowa ndi ndani?"

A Orton anangogwira tayi yawo. Mkwiyo wanga unathera pomwepo, ndinawamvera chisoni kwambiri.

Eveless anakapempha kwa a Sakina, anamwino athu, kathumba kakang'ono komangirira pamwendo. Malamba ake anali olimba, ndipo khungu la a Orton ndi lopyapyala, silichedwa kusupuka. Choncho Lachinayi anakwera minibasi kupita ku Old Town kwa a Wilbert, telala wa pakhonde la sitolo, atanyamula thalauza la suti ndi kansalu kofewa. Anasoketsa kachikwama kolowetsamo thumba, kokhala ndi zingwe zomanga m'munsi mwa bondo.

"Ndikulitse mwendo umodzi wokha?" anafunsa a Wilbert.

"Yonse iwiri. Mukufuna bwana akaoneke opendekeka pazithunzi?"

Madzulo ake tinayesa ukwati m'khonde. Mkwatibwi ndinali ine, ndi thupi langa lonseli, nditafunda katani kumutu. Lamulo la Eveless linali limodzi: tikafika kumapeto kwa khonde, a Orton amwe kapu ya madzi. Okalamba ena anatulutsa mipando, amayi ena n'kumaimba nthungululu. A Orton anayamba mwamanyazi, maso ali pamwendo. Ulendo wachitatu anadzutsa mutu. Wachisanu anandiuza kuti ndikuyenda ngati ndikuthamangira minibasi, ndichepetse liwiro. Ndinaseka mpaka katani kugwa.

Kenaka Eveless anawatengera kubafa n'kuwaphunzitsa kukhuthula okha: kusamba m'manja ndi sopo, kutsegula kampopi ka pansi pa thumba osakagunditsa pachimbudzi, kutseka, kusambanso. Anawachititsa kanayi mpaka anadandaula kuti ngakhale kuofesi sanavutitsidwepo chonchi. Pofika Lachisanu mkodzo unali utayera, ndipo a Sakina atawayeza anati ulendo ulipo.

Loweruka tinapita tonse awiri, ine ndi Eveless. Iye anali ndi chikwama chachikulu, muli magolovesi, sopo, thumba lina ndi botolo la madzi. Galimoto ya mkwatibwi isanafike ananong'oneza a Orton, nalowa nawo kuseri, nabwerako thumba lili lopanda kanthu. Anawakonza tayi, n'kukakhala pabenchi lakumbuyo, m'mphepete mwa njira.

Limba litayamba, Chitemwa anakoleka dzanja lake pamkono wa agogo ake. Thalauza linagwa bwinobwino, palibe akanadziwa kanthu. Koma a Orton ankayenda pang'onopang'ono kuposa mmene tinayesera, moti ine mtima unali m'mwamba. Eveless anali atagwira kale chikwama, wokonzeka kudzuka. Akudutsa pabenchi lathu tinamva Chitemwa akufunsa motsitsa mawu.

"Agogo, mwendo ukupweteka? Tiime?"

"Ayi, mama," anayankha a Orton, nkhope ili mwee. "Ndikuchita dala. Ndakulera zaka makumi awiri, ndiye ndikakupereke mothamanga?"

Eveless anaika chikwama pansi, n'kuyamba kulira.