Pikapu Yathu Inkathawa Msewu

Ndinayamba ndaona manja awo. Msewu wochoka kwathu ku Mavwere unali wowongoka bwinobwino, koma bambo a ana anga anagwira siteringi mopendeketsa, ngati akukhota. Akangomasula pang'ono, galimoto inkathamangira kumanzere, kutchire.

Inali sabata yachiwiri chigulireni pikapuyo. Abale inu, chimwemwe chake! Fodya anatikomera chaka chimenecho, bambowa n'kupita ku Chipata, n'kubwera nayo. Yakale ndithu, chitseko china chotsekera ndi waya, koma yathuyathu. Ana a m'mudzi ankaithamangira akukuwa. Ine ndinkaitsuka m'mawa uliwonse, ngakhale tsiku loti siipita kulikonse. Ngakhale pamene tayala lakutsogolo linagwera m'chidzenje pafupi ndi mlatho, pobwera kuchigayo, tinangoseka, poti injini sinazime.

Tsiku limenelo tinkapita kumsika ku Kamwendo, matumba a mtedza ali kumbuyo, mwana wamkulu ali pakati pathu, wakhanda ali pamiyendo panga.

"Bambo a ana, bwanji ikuthawa msewu?"

"Ndi katundu, mayi. Walemera mbali imodzi."

Iwowa anakulira pa ngolo. Ngolo ikamakokera kumbali, ndiye kuti katundu wapendeka, kapena ng'ombe imodzi ikuchita ulesi. Anaimika, n'kukokera matumba onse kumanja. Tinanyamuka. Ikukokabe! Anaimikanso, n'kundiuza kuti ndisendere pakati.

"Ndiye kuti wolemerayo ndine?"

"Nanga si mwanenepa ndi fodya wa chaka chino!"

Ndinaseka, koma maso anga sanachoke pa siteringi. Titalowa mumsewu wa tala anaponda moto kuti anthu atione. Lole yochokera ku Zambia inatidutsa, fwaa, iwo n'kuchotsa dzanja limodzi kuti abayibitse munthu wina wakumpingo, ndipo galimoto inatsetserekera m'mphepete, miyala n'kumathetheka pansi. Mayi wina wosenza nkhuni anadumphira m'udzu. Ndinafinya wakhanda mpaka analira.

Titafika ku Kamwendo ndinatsika msanga. Ndinagwada pa tayala lakutsogolo lija ngati ndikutola chinthu, n'kulowetsa dzanja. Kunja mano ake analipo. Mkati munali see, ngati mbale, ndipo kawaya kanandibaya chala. Ndinathamangira kwa makaniko wa pafupi ndi siteji, amene akazi awo tinkaimba nawo kwaya, magazi ali pachala.

Anabwera, n'kumanga chingwe kuchokera ku tayala lakumbuyo mpaka lakutsogolo, n'kutsinzina diso limodzi.

"Achimwene, munagundapo dzenje?"

Bambo a ana anandiyang'ana.

"Matayala akutsogolo amayenera kuyang'ana kumodzi," anatero makanikoyo. "Ili lapenya kwina. M'malo mogubuduzika bwino likukhula msewu, n'chifukwa chake ladyeka mkati mokha. Ikufunika alayimenti, zimenezo ndiwongola. Koma tayalali latha, ndipo la saizi yake ndilibe lero. Likaphulika muli paliwiro, mugona m'ngalande."

Apo n'kuti mtedza utatsitsidwa, anthu akwathu atadzaza kale kumbuyo ndi mabasiketi awo, akudikira kubwerera pa galimoto yatsopano ya m'mudzi. Ndinaona nkhope ya mwamuna wanga. Awatsitse? Pamsika?

"Tiyenda pang'onopang'ono, mayi. Lolemba tidzakonza."

Ndinauza amayi anali kumbuyo aja zomwe ndinakhudza ndi dzanja langa, ndinawaonetsa ndi chala chomwe. Ena anatsika, ena anangoseka. Ndinabereka wakhanda, chitenje n'kumanga mfundo ziwiri, n'kuitana anyamata awiri a kabaza.

"Mayi, mukunyoza galimoto yanu yomwe? Yomwe mumaitsuka ija?"

"Ndidzaitsukanso mawa, bambo. Mukagule tayala lina. Ana awa alibe sipeya."

Wamkulu uja analira, akufuna galimoto ya bambo ake. Ndinamukweza pakaliyala, n'kumumangirira ndi mpango wanga m'chiuno mwa wakabaza, n'kuuza mnyamatayo kuti aziyenda patsogolo panga, kuti ndizimuona njira yonse.