Fulashi ya a Levison

Anthu a pa Nsaru amati ine Evelyn ndine wapakamwa, ndipo sindikana. Ngakhale a Levison, bambo amene ndikufuna kuwathokoza lero, ndinkawanena kumbali kuti ndi ochedwa ngati ngolo ya ng'ombe zodwala.

Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta kuseri kwa msika. A Levison amachokera mbali ya ku Kabudula, ndipo amabwera pa njinga kamodzi pa miyezi itatu kudzatayipitsa ndondomeko ya alaliki a kutchalitchi kwawo, poti mlembi ndi iwowo. Ndi mlimi wa mtedza ndi fodya pang'ono, wamtali, wolankhula mawu amodziamodzi. Sukulu analekera Sitandade 5, chaka chimene bambo awo anamwalira n'kuwasiyira munda ndi azing'ono awo anayi. Onse anayiwo anawalera okha. Fulashi yawo yosungira mafayilo a kompyuta, imene anawapatsa mkamwini wawo, amaisunga m'kabotolo ka mankhwala a mutu, kabotoloko n'kukakulunga m'mpango. Akayamba kumasula, iwe pita kaye ukamwe tiyi.

Sabata imene ndikunenayi ndinali ndi ntchito yaikulu. A Damiano, mphunzitsi amene ankayang'anira mayeso oyeserera a Sitandade 8, aja timati moku, m'zoni yathu, anandipatsa mapepala onse kuti nditayipe. Ankabweretsa pepala limodzi lolemba pamanja, ndikamaliza kutayipa ankalitenga n'kukaliwotcha. Tsiku loyamba anandiuza maso ali gwa: "Mayi, funso limodzi likangotuluka m'chipinda muno, sukulu khumi ndi zinayi zidzalidziwa dzina lanu."

Lachitatu m'mawa a Levison anatulukira. Ndinawatayipira ndondomeko yawo, n'kuwasevera pa fulashi, koma kupulinta ndinakana chifukwa inki yotsala ndinkasungira mayeso. Iwo anati palibe kanthu, akapulintitsa ku Msundwe popita kukaona mlongo wawo. Anapita kumsika kukafuna chubu cha njinga, fulashi anaisiya ili chilowere mu kompyuta. Nthawi yomweyo a Damiano anafika ndi pepala la Masamu.

Tsono pano mundimvetse. Ukamaseva ntchito, kompyuta imatulutsa kabokosi kokufunsa dzina la fayilo ndi malo oisunga. Podzaza dzina ndi pakulu, pooneka bwino. Koma malowo amalembedwa pamwamba m'tizilembo tating'onoting'ono, m'Chingerezi, ndipo kabokosiko kali ndi khalidwe lake: kamakumbukira kumene unaseva komaliza n'kukutengera komweko, osakufunsa. Amene anakapanga ayenera kuti ankaganiza za munthu wa kompyuta yake yekha, osati ife amene pa tsiku timalowetsa mafulashi a anthu khumi, onse kompyuta ikungowatchula chilembo chimodzi cha E. Ndikanakumana naye munthuyo, ndikanamukhazika pansi.

Koma chala chinali changa. Ndinalemba dzina, MASAMU MOKU, n'kudina batani, osayang'ana pamwamba. A Damiano anatenga pepala lawo n'kunyamuka. A Levison anabwera ndi chubu chawo, n'kukulunga fulashi m'mpango, n'kutsanzika mwaulemu.

Lachinayi nditatsegula foda ya mayeso, Chichewa chilipo, Sayansi ilipo, Masamu palibe. Ndinafufuza paliponse, thukuta lili kamukamu. Kabokosi kotsegulira mafayilo kankandionetsa dzina lija pa mndandanda wa zimene ndagwira posachedwa, koma ndikadina kankangoti fayiloyo sikupezeka. Nditayang'anitsitsa, ndinaona kachilembo ka E patsogolo pake.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndinkadziwa za Lidiya, mwana wawo wotsiriza wa a Levison. Ankabwereza Sitandade 8 kachiwiri pa sukulu ina ya m'zoni yathu yomweyi, ndipo chomwe chinkamugwetsa ndi Masamu omwewo. Bambo ake sankabisa kuti akufuna kuti ngakhale mwana mmodzi yekha m'nyumba mwawo aponde ku sekondale. Ndinadzifunsa kuti, kodi ine ndikanakhala kholo, pepala lotere litandigwera m'manja, ndikanatani? Yankho langa sindikuuzani.

Nambala yawo ya foni ndinalibe. Lachisanu masana a Damiano anabwera kudzatenga mayeso, ndipo ndinaulula zonse. Sanakalipe, zimene zinandiopsa koposa. Anangoti pepala la Masamu lifafanizidwa, ntchito yotsala aipititsa kwina, ndipo Lolemba akafotokozera ahedi onse chifukwa chake. Pa Nsaru munthu akamveka kuti anatulutsa mayeso, ndani angamupatsenso ngakhale kalata yoitanira ukwati kuti atayipe? Ndinaona kashopu kanga katatsekedwa ndili chikhalire.

Tili pomwepo tinamva njinga ikuyedzamitsidwa kukhoma. A Levison analowa fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, n'kuvula chipewa, n'kupereka moni kwa aliyense payekha, kufunsa ndi za kunyumba zomwe. Ine mtima uli m'mwamba, iwo akufunsa za chifuwa cha mwana wanga! Kenako anamasula mpango uja.

"Mayi, mwandisungitsa katundu wa eni," anatero.

Anafotokoza kuti m'mawa umenewo analowa m'shopu ina ku Msundwe. Mwini shopu atatsegula kabokosi kosankhira fayilo, munali maina awiri. Anakhudza lachiwirilo, ndipo cham'mbali mwa kabokosiko munatulukira mutu wa pepala, wakuti ndi mayeso a Sitandade 8. A Levison Chingerezi sadziwa kwenikweni, koma mawu akuti Masamu ndi nambala 8 anaziwerenga. Anaphimba sikirini ndi chipewa chawo n'kunena kuti fulashi izulidwe. Mwini shopuyo anawaseka, akuti, "Madala, mwayi sudziwika, ndikupulintireni kamodzi." Iwo anakana, ndipo ngakhale ndondomeko yawo ya alaliki sanapulintitse. Kwa mlongo wawo sanafikeko. Anatembenuza njinga.

A Damiano anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limene inenso ndinali nalo.

"Bambo, fulashiyi yagona kwanu masiku awiri, ndipo mwana wanu akulemba nawo mayesowa. Ndidziwa bwanji kuti sanaone?"

A Levison anatembenuza chipewa m'manja.

"Simungadziwe, aphunzitsi. Ndiye chitani chonchi: Lidiya mumuchotse, asalembe Masamu. Ndikamuuza ndekha. Koma ana a anzanga alembe, ndipo mayiwa musawaonongere dzina. Analakwitsa ndi chala, osati ndi mtima."

Ine wapakamwa uja ndinalira pamaso pa amuna awiri, osachita manyazi. Munthu amene ndinamukaniza inki ya pepala limodzi ankapereka mwana wake chifukwa cha ine.

A Damiano anakanda m'mutu nthawi yaitali. Kenako anandiuza kuti ndikopere fayiloyo iwo akuona, ndiifufute pa fulashi, ndipulinte. Za kuchotsa Lidiya anati aganizira. Sanamuchotse, koma anachita kunena poyera kuti pepala lake adzalichonga okha, ndipo akadzaona zodabwitsa, nkhani yanga idzayambiranso.

Milungu itatu yodikira zotsatira za mayesowo inanditalikira. Mundikhululukire, koma ndinafika popemphera kuti mwana wa eni asakhoze kwambiri.

Tsiku lina a Levison anabwera pamodzi ndi a Damiano, atakumana panjira. Anatulutsa pepala la Lidiya m'thumba la jekete n'kuliyala pa tebulo langa, n'kulisalaza ndi chikhatho. Pakona panali 34 yofiira, pa malikisi 100.

"Mwaonatu, mayi," anatero a Levison, akumwetulira koma maso ali ofiira. "Kwathu sitinaone."