Mabawuti Amene Anamanga Apongozi

Uthenga unandipeza ku Kota Kota Lolemba madzulo: mlongo wanga Lameki akunyamuka Lachinayi kupita kumigodi ya ku Rhodesia, njira ya kumapiri, ndipo akufuna tionane asanachoke. Kwathu ndi ku Dwambazi, ku boma ndinangokwatiwako kwa aphunzitsi a pamishoni. M'mimba mwa amayi tinabadwamo awiri okha, ine ndi iyeyo. Ndiye Lachiwiri m'mawa ndinali kale pamsika ndi kamtolo kanga, kudikira lole ya a Selemani, imodzi yokhayo yopita kumpoto sabata imeneyo. Mtengo wake mashiling'i atatu, malo ake pamwamba pa matumba a mpunga.

Lole ija tsiku limenelo inkaoneka yachilendo, kumbuyo kotukuka ngati nkhuku ikujompha chimanga. Apongozi awo a Selemani, mkulu wina wa ndevu zoyera dzina lake a Bwanali, ndi amene anali ataichita zimenezi. Anagula masipuling'i a chilole china chakufa kwa mmwenye, n'kuwamangirira pansi pa lole ya mkamwini wawo kuti izisenza katundu wochuluka. Nawonso anali paulendo, kukaona ntchito ya manja awo.

"Kwezani matumba, kwezani!" ankatero akusisita galimotoyo. "Awa si masipuling'i amasewera ayi."

Tinanyamuka dzuwa litakwera pang'ono. Msewu wake mchenga ndi mabampu, fumbi mpaka m'mano. Tisanapite patali ndinayamba kumva pansi pathu kukugogoda, gu! gu! Aliyense ankamva, koma anthu ali pikitipikiti ndi nkhani za mtengo wa chambo.

Pamudzi wina tinaima kuti tigule chinangwa chootcha. Ndinaona a Selemani atagwada kumbuyo kwa lole, sipanala ili m'manja. Atangoona apongozi awo akubwera, sipanala ija m'thumba lobwi! Ine mtima sunandilole. Ndinawatsata a Selemani kuseri.

"Bambo, chikulira pansipo n'chiyani?"

Anayankha monong'ona. "Masipuling'i oikidwa kumene, akasenza katundu amaphwa, mabawuti n'kukhwepa. Mukayenda pang'ono pamafunika kumangitsanso."

"Nanga osamangitsa bwanji?"

"Mayi, amanga ndi apongozi. Ine mkamwini ndiike sipanala pamene padutsa dzanja lawo, iwo akuona? Pakhomo paja ndikakhalapo bwanji? Tikafika, Mulungu akalola."

Ha! Ndinapita ndekha kwa a Bwanali, ndinagwada bwinobwino, ndinati pepani bambo, pansipa pakulira. Anaseka mokoma mtima. "Chitsulo chatsopano chimayankhula, mwananga. Khazika mtima pansi." Amuna ena apo n'kuyamba, akuti akazi a aphunzitsi ayamba umakaniko. Ndinakwera pamatumba panga nkhope ili thuu.

Masana tinafika pa Bua. Tinatsika tonse, lole inakwera pantoni, amuna akukoka chingwe uku akuimba. Mayi wina wa ku Dwangwa anandigawira nthochi, akuti ndisamakwinye nkhope pamadzi, ng'ona zimaona. Tsidya linalo pali kamtunda. Tinakweranso, a Selemani anaponda mafuta, injini inabangula, kenako phwa! Bawuti yapakati pa masipuling'i inaduka. Matayala akumbuyo anapotokera mbali imodzi, chitsulo chachitali chija chimene chimawazunguza chinasololoka n'kudzika mumchenga. Lole inapendekeka, matumba ndi anthu tonse khuthu pansi. Mwamwayi palibe anafa. Bambo wina thumba linamugwera pamwendo, ine ndinasupuka chigongono.

A Bwanali anazungulira lole, manja kumbuyo. "Zitsulo za masiku ano n'zosalimba," anatero.

"Indedi bambo, n'zosalimba," anavomera a Selemani, maso pansi.

Ndikanakhala mwamuna, tsiku limenelo ndikanamenya munthu. Ndinangolira ndi ukali.

A Selemani anabwereka njinga kubwerera ku boma kukasaka bawuti. Ife tinagona pamudzi wa asodzi pafupi ndi pomwe Bua amathira m'nyanja. Anatilandira bwino, mpunga ndi mpasa wowamba. Ndinaganiza zoyenda pansi, anthu anandiletsa: Dwambazi si pano, ndiponso munthu wamkazi wekha, njira yake ya zilombo. A Selemani atabwera ndi bawuti, Lachitatu lonse linathera pamenepo, amuna ali pansi pa lole ndi jeke ndi zipika. Anamaliza kukuda, ndipo msewu uja suyendeka usiku.

Lachinayi m'mamawa tinanyamuka. Titayenda pang'ono, a Selemani anaimitsa lole, anatsika, anagwada pamaso pa apongozi awo n'kupereka sipanala ndi manja awiri.

"Bambo, tandionetsaninso mmene mumamangira muja, ine ndiphunzireko."

A Bwanali analowa pansi mokondwa, anakoka bawuti iliyonse mpaka kulira. Pa Dwangwa anachitanso chimodzimodzi. Ulendo wonse osamvanso gu! ngakhale kamodzi. Apa ndiye pamene panandiwawa koposa. Kani njira inalipo! Mawu ochepa okhawo akananenedwa Lachiwiri pachinangwa paja, ulemu ukanasungika, lole ikanasungika, ine ndikanafika kwathu nthawi ikadalipo.

Tinafika ku Dwambazi dzuwa litapendeka. Ndinathamanga osatsazika munthu. Amayi ndinawapeza pakhonde, manja ali pamiyendo, osagwira kanthu.

"Wabwera?" anatero. "Wachoka m'mawa. Anzake anamudikira mpaka kutopa, iye akungopita kumsewu n'kubwerako, kupita n'kubwerako. Pomaliza anati, mlongo wanga ndiye kuti wakwiya kuti ndikusiyani nokha."

Sindinakwiye ayi, sindinakwiyepo n'komwe. Ulemu ndi wabwino, tonse tinaleredwa nawo, koma ndinaphunzira paulendowu kuti manyazi a munthu mmodzi amatha kulipiridwa ndi wina amene sizikumukhudza. A Selemani anakalamba ndi lole yawo, akugwirizana bwino ndi apongozi awo. Lameki anatchona, sanabwerenso, ndipo komwe anakathera sitinakudziwe. Anapita akuganiza kuti ndinakana kubwera.