Mirriam Ankachonga "Zoona" Paliponse

Anzanga, inu mumati kulephera mumakudziwa? Mirriam, mnzanga wa m'fulati yathu ku Scarborough kuno ku Canada, analira m'basi mpaka maso kutupa. Ine ndinali pambali pake, ndiye izi si zongomva.

Anali atangofika kuchokera ku Dedza. Mayeso a mbiri yakale anali osavuta: aphunzitsi alemba chiganizo cha nthawi ya atsamunda, iwe unene ngati n'zoona kapena zabodza. Mirriam anachonga "zoona" paliponse. Ngakhale pamene aphunzitsi analemba kuti Canada inathamangitsa Angerezi pa nkhondo mu 1776, m'malo mwa America!

"Iwe, sunawerenge?" ndinamufunsa.

"Ndinawerenga. Koma ndingawauze bwanji aphunzitsi kuti anama? Kwathu wamkulu satsutsidwa."

Mayeso otsatira anachitanso zomwezo. Phunzirolo analephera, ndipo anzake akumaliza sukulu, iye anatsala.

Chaka chobwerezacho Mirriam anasanduka wa ku laibulale. Chilichonse chimene wamva cha atsamunda ankachifufuza m'mabuku. Ine kumuitana kuti ndimuuze za chibwenzi cha mnzathu Jennifer, iye amvekere, "Umboni uli kuti?" Anandibowa, sindinama.

Koma pakamwa pankalemerabe. Mpaka tsiku la phwando lokumbukira ufulu wa Malawi m'holo ina ku Etobicoke, amalume ake a Ambrose ataimirira n'kulengeza kuti Malawi inalandira ufulu mu 1966.

Mirriam anapita n'kugwada pambali pawo.

"Pepani amalume, si zoona. Ufulu ndi 1964. Mu 1966 m'pamene tinakhala lipabuliki."



"Mwanayu Canada yamuwononga!" anatero amalume. Anatulutsa foni, n'kuyang'ana, n'kukanda kumutu. "Aa, koma akunena zoona. Dzuka mwanawe."

Mayeso obwereza anakhoza kuposa aliyense m'kalasi. Komabe musaganize kuti anavina. Tsiku lovala gauni anajambulitsa ndi ana osawadziwa, anzake aja ali kale ku koleji ku Oshawa. Anandinong'oneza kuti, "Chaka chonse chapita chifukwa choopa kunena mawu awiri."

Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mayankho ankawadziwa kuyambira pachiyambi.

Ndiye iwe amene wagwa, usataye mtima, dzuka ngati Mirriam. Koma usadikire kutaya chaka. Fufuza kaye, gwada ngati n'kofunika, kenako nena: si zoona.