Bowo pa Nsalu ya Mayi Kadango

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha njinga yamoto ya amalume. Inatifera pa Golomoti tikuchokera kumsika wa Mtakataka, ndiye tinaikankhira ku galaja ya a Jere, pafupi ndi mphambano. A Jere akumasula pulagi, ine ndinkawapatsira masipanala asanawatchule. Anandiyang'ana n'kufunsa amalume ngati ndili pa ntchito. Lolemba lake ndinayamba.

A Jere anali munthu wosapupuluma. Galimoto ikabwera ankayamba aimvetsera kulira kwake, kenako n'kutchula matenda. Kwa iwo ndinaphunzira kukweza jeki, kusintha oyilo ndi mabuleki. Koma magalimoto oyendera petulo ndi batire pamodzi, aja amati haibulidi, ankawabweza pakhomo pomwe. "Galimoto yoyenda mwakachetechete ngati mfiti ndiimvetsera bwanji?" ankatero.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, kutentha kwa kuno kuchigwa kutafika pachimake, kunabwera a Kadango, mphunzitsi wopuma. Haibulidi yawo anaigula atalandira penshoni, ndipo ankadya ponyamula anthu opita kuchipatala ku Mua. M'mawa inkayenda bwinobwino, koma dzuwa likafika paliwombo nyali yochenjeza inkayaka, mphamvu n'kutha. Amakaniko ena kutauni anawauza kuti batire lalikulu lafa. Kuti agule lina anaganiza zogulitsa dimba lawo, ndipo wogula amabwera madzulo a tsiku lomwelo kudzaona malire.

A Jere atayamba kukana, a Kadango anatulutsa kabuku kofotokopa, kofotokoza kakonzedwe ka galimotoyo. Anati anakagula pa mtengo wa nkhuku kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu ku Lilongwe.

"Chingerezi ndimamva, koma sipanala sindiidziwa," anatero. "Inu sipanala mumaidziwa, bambo Jere. Tiyese limodzi, likakanika dimba lipite."

A Jere anapukuta manja n'kukokera benchi pamthunzi. A Kadango ankawerenga n'kumamasulira, ife n'kumatsatira. Tinazimitsa galimoto, kiyi n'kukaika kutali, chifukwa injini yake imatha kudziliza yokha munthu uli pansi. Tinachotsa waya wa batire laling'ono. Kabukuko kanachenjeza kuti mawaya a mtundu wa olenji amapha, choncho ndinathamanga kukabwereka magolovesi a labala kwa munthu wina wokonza magetsi. Ndinali ndi mantha kwambiri pamene a Jere ankazula chotsekera moto wa batire lalikulu. Kenako tinakhala pansi kudikira kuti moto uthe m'mawaya, monga mmene analembera.

Tsamba lotsatira linati batirelo lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo limapumira pa kasefa kam'mbali mwa mpandowo. Tinafunafuna, kasefa osakaona. Mpando wonse unali utavekedwa nsalu yokhuthala yamaluwa, yosokedwa mwaluso mpaka pansi. Kwathu kuno galimoto yatsopano timayamba taiveka mipando tisanaganize n'komwe za matayala. Nditapinda nsaluyo, kasefa kanali pomwepo, kotsekeka. Titachotsa mpando tinapeza fani yoziziritsa batire yadzaza fumbi, gaga ndi ubweya wa mbuzi. Batire silinafe, linkangobanika. Tinatsuka faniyo ndi burashi, n'kuiuzira ndi pampu ya njinga.

Ine ndinasangalala, koma a Kadango anaika dzanja pa nsalu ija. Kenako anatiuza kuti anasoka ndi akazi awo, amene anamwalira dzinja lapitalo. Sankafuna kuti okwera awonongere amuna awo mipando.

"Tingovula yakumbuyo yokhayi, aphunzitsi," anatero a Jere motsitsa mawu.

"Ayi, ikhale. Ndibwerekeni sizasi."

Anagwada pa chitseko chakumbuyo n'kudula okha bowo lalikulu ngati chikhatho, pang'onopang'ono, molambalala duwa limodzi. Kansalu kodulidwako anakapinda n'kukaika m'thumba la malaya. Zinandikhudza, moti ndinayamba kutolera masipanala amene anali otoleredwa kale.

Titabwezera zonse m'malo mwake, dzuwa lidakali lowawa, tinakwera nayo msewu wa Khwekhwerere, tonse atatu, maso ali pa nyali ija. Tinakhota makona onse mpaka pamwamba, nyaliyo osayaka. Pamenepo a Kadango anaimika galimoto n'kuimbira wogula uja kuti asavutike kubwera.

Lero ndili ndi galaja yanga pa Mtakataka. Mwini haibulidi aliyense ndimamuuza kuti agule kabuku ka galimoto yake, ngakhale kofotokopa, chifukwa kakhoza kumupulumutsira munda. Ndipo ndisanatsegule boneti ndimayamba ndagwada pa chitseko chakumbuyo n'kukweza nsalu, mwaulemu, poti sindidziwa amene anasoka. A Kadango amadutsabe, nthawi zina ndi dengu la tomato wa m'dimba lija. Bowo lija analipinda m'mphepete ndi ulusi wakuda, msoko wake wokhotakhota, wa munthu amene anali asanagwirepo singano.