Azakhali Pamzere wa Othawa Nkhondo

Mudzi wathu sunakhalitsepo pamalo amodzi. Agogo awo a atate anaumanga m'mphepete mwa Shire, nyumba zitatu zokha, atathawa ntchito yokakamiza kwa Apwitikizi. Mtsinje unadya gombelo, anthu nasendera kumtunda. Unadyanso. Pamene ndinkamaliza sekondale, mudzi unali pamalo achitatu. Anyamata ankapita kuminda ya nzimbe osabwerako, atsikana ankatengedwa ndi ukwati. Sitinkachuluka. Maliro akagwa, okumba manda tinkachita kubwereka kumidzi ina.

Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, azakhali, mlongo wawo wa atate, anatulukira ndi ana atatu ndi mtolo umodzi. Anakwatiwa kumeneko ine ndisanabadwe. Amuna awo sanafike nawo, ndipo sitinafunse kawiri.

Chaka chomwecho madzi anakokolola chimanga, mapira nathera mbalame. Tinayamba kudya nyika, mizu ija akazi amazula m'dambo madzi ali m'khosi, maso ali kung'ona. Kumsasa wa othawa nkhondo kunkagawidwa ufa ndi nyemba, koma kwa olembedwa okha. Atate anati azakhali akalembetse. Iwo anakana. Anati sangakhale wothawa pamudzi pamene panakwiriridwa mchombo wawo.

“Pamudzi pati, mlongo?” atate anawafunsa. “Pamene munabadwira pakudutsa bwato lero. Kafunseni mvuu ngati zikukudziwani.”

Palibe anaseka. Kuyambira tsikulo azakhali sankakhazikika. Ankasesa bwalo losesedwa kale, kenaka n'kutsikira kugombe kukaloza pamadzi: apa panali mtondo, apo nkhokwe ya amayi. Ine ndinkangozungulira pakati pa awiriwo, kunyamula mawu a uyu kupita nawo kwa uyo. Mwana wawo wotsiriza atayamba kutupa mapazi, azakhali anandiitana nati ndiwaperekeze, popeza ndine wodziwa zolembalemba.

Tinayenda theka la tsiku. Pamzere panali anthu ochuluka kuposa onse amene anakhalapo m'mudzi mwathu chiyambire. Titafika patebulo, kalaliki anafunsa kumene anabadwira. Azakhali anayamba kukonza mpango kumutu. Anthu a kumbuyo anayamba kung'ung'udza. Ndinatchula mudzi wa amuna awo, ku Mozambiki.

“Ndikufunsa mayiwa,” anatero kalaliki.

Azakhali anandiyang'ana, kenaka nabwereza dzinalo m'Chisena, pang'onopang'ono. Atalandira kadi, kalaliki anawauza kuti wolembedwa aliyense azigona pamsasapo. Zimenezo ine sindinkazidziwa. Kaya atate ankazidziwa, sindinawafunsepo mpaka anamwalira.

Ndinabwerera ndekha. M'njira ndinatembenuka kawiri kuti ndikafufutitse dzinalo, kawiri konse n'kukumbuka mapazi a mwana uja.

Ufa ukagawidwa, azakhali ankasenza gawo lathu kubwera nalo. Mwanayo anachira, ifenso tinafika pokolola. Koma akafika, ankaima kunja kwa mpanda n'kuti odi, osalowa mpaka wina awalonjere. Mphasa ankadikira kuyaliridwa. Tsiku lina amayi anawadandaulira kuti asiye zachilendozo, pano mpawo.

“Mufunseni mwana wanuyo,” anayankha. “Ndiye adziwa kwathu.”

Anatula thumba, namwa madzi, nanyamuka dzuwa lisanapendeke, kuti akafike pamsasa asanawerenge anthu.