Tsvyatko ndi Liwu Loti "Angathe"

Tsvyatko Balabanov anagwira ntchito zaka makumi atatu pamalo osindikizira mabuku, ntchito yake kusaka zilembo zolakwika. Anapuma pantchito, koma maso ake anakana. Ndi munthu uja amawerenga kapepala ka mankhwala mpaka pansi, n'kubwerera kwa dokotala kukamuonetsa pamene pasowa mpumiro. M'tauni yathu yonse, Gazeti ya boma amaiwerenga ndi iye yekha. Enafe timangomva kuti iliko.

Mkazi wake, Nevyana, amagulitsa tchizi cha mkaka wa nkhosa pamsika, chokhwimira m'migolo ya matabwa. Tsiku lina panatulukira woyendera za ukhondo, tayi mpaka pamchombo, n'kumata pepala pabenchi pake.

"Mayi, migolo iyi basi. Pofika Okutobala mukhale ndi yachitsulo, apo ayi mutseke. A ku Brussels atero."

"A ku Brusselswo analawapo tchizi changa?"

"Ine ndangotumidwa, mayi."

Kwathu kuno galu akakuluma, ndi a ku Brussels, kulikulu la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya. Mkazi akakuthawa, ndi omwewo. Ndipo tchizi cha m'chitsulo chimenecho n'choko, mwana akhoza kulembera pabolodi. Nevyana anadziwa kuti makasitomala ake sangachigule.

Tsvyatko sanatukwane, zomwe zinaopsa mkazi wake. Anapita kulaibulale, anasindikizitsa lamulo la ku Ulayalo, lomwe lili m'chilankhulo chathu chomwe, n'kuliyala patebulo pambali pa lomwe nduna yathu inalemba potengera lomwelo, rula m'manja. Tsiku lachitatu anakuwa.

"Nevyana! Bwera udzaone kuba!"

La ku Ulaya linkati alimi ang'onoang'ono "angathe" kugwiritsa ntchito migolo yachitsulo. La nduna linkati "ayenera". Liwu limodzi lokha!

Anakwera sitima ya ku Sofia, likulu la dziko lathu. Anakhala pakhomo pa Nyumba ya Malamulo masiku awiri mpaka anagwira jekete la phungu wathu, Krastyo Pehlivanov, wa m'komiti yoona nkhani za ku Ulaya.

"Aa, bambo Tsvyatko! Mukadali moyo, madala?"

"Iwe Krastyo, ichi unawerenga usanakweze mkono?"

"Zimenezo sitinavotere ife. Ife tinavomereza mzere umodzi woti zotsalazo ikonze nduna. Timalamulo ta m'munsito sitifika kuno."

"Zotsalazo ndi masamba makumi asanu ndi atatu! Nanga inu mumadzatani muno, kudzafunditsa mipando?"

"Tsitsani mawu, madala, ino ndi Nyumba ya Malamulo."

"Nyumbayo ndaiona. Koma malamulo mukuphikira kuseri."

Tsvyatko anamukhazika pabenchi ya m'khonde n'kumuwerengetsa mokweza ngati mwana wa sitandade wani. Olemekezeka ankatsata ndi chala, thukuta kamukamu. Atafika pa liwu lija maso anawala. Musaganize kuti anali manyazi, ayi, zisankho zinali pafupi.

Krastyo anakafunsa m'komiti, makamera ali pomwepo. A ku undunako anati linali vuto la kompyuta. Kompyuta! Ndani anaona kompyuta yodana ndi nkhosa? Amene analemba liwulo sanatchulidwe, ndipo palibe phungu anafunsa kuti mawu ena otere alimo angati m'masamba aja. Liwu lija analikonza kutatsala sabata imodzi kuti Okutobala akwane, patsamba lomaliza la Gazeti, m'tizilembo tonga nsabwe.

Madzulo ake Krastyo anaonekera pa kanema, chifuwa patsogolo. "Ndawagwaditsa a ku Brussels!"

Tsvyatko anagenda kanemayo ndi silipasi.

"Khalani pansi, nkhalamba inu," anatero Nevyana. "Mukaswa, mpira wanu muzikaonera kwa Krastyo. Mawa mundinyamulire migolo."

M'mawa anainyamula, msana ukulira, Gazeti ili m'thumba kuti aonetse aliyense. Koma woonetsa anasowa. Pamzera wa ogulitsa tchizi pankakhala amayi asanu ndi anayi. Asanu ndi mmodzi anali atagulitsa kale nkhosa zawo kwa opha nyama, chifukwa pepala lotseka linabwera ndi munthu wa tayi, pamene lokonza silinabwere ndi aliyense. Tsvyatko anayenda mabenchi opanda anthuwo mmodzimmodzi, akutukwana nduna, aphungu, ndi kompyuta yomwe.

Nevyana anatsegula mgolo, n'kudula tchizi.

"Mukatha kutukwanako, ndigwirireni sikelo. Makasitomala a anzangawa onse abwera kwa ine, manja sakundikwana."